Mutu 7: Bwalo Lopanda Anthu

1. Mphindi zisanu ndi imodzi

Chimbale chatsopano cha Dahal chinatuluka Lachisanu, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro theka la mzinda wa Marseille linali litakwiya kale.

Dahal ndi mwana wa kwathu kuno ku Figuiers, dera la midadada ya nyumba zosanja mu mzinda womwewu. Anakulira mu mdadada wachitatu, ndipo mayi ake mpaka lero amayanika zovala pakhonde lomwe lija. Zimbale zake ziwiri zoyamba zinali za rapu yeniyeni, ya ng'oma zogwedeza magalasi a galimoto. Ngakhale ana a kusukulu ya mkaka ankaziimba osaphonya liwu. Chachitatuchi anthu anachidikira zaka ziwiri zathunthu.

Koma chimene anawapatsa, ha! Anachitcha Mchere. Nyimbo khumi ndi imodzi, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe ya kolasi. Zitatu zoyamba zinalibe ng'oma n'komwe. M'malo mwake munkamveka malipenga a sitima za padoko, phokoso la makina osokera, ndi munthu wokwera masitepe ali wefuwefu. Mu nyimbo ina Dahal ankangokhala chete pakati penipeni, ngati foni yazima.

Anrifa anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa mu mdadada wachiwiri. Iye ndi anzake awiri, Maïssa ndi Idriss, ankayendetsa tsamba la pa intaneti lotchedwa Ana a Dahal. Otsatira ake anali zikwi makumi anayi. Wolemba kwambiri anali Anrifa, ndipo ulemu wa tsambalo unali umodzi: kuyankhula ena onse asanayankhule.

Choncho anachimvetsera m'basi popita kusukulu, monga amachitira aliyense wa msinkhu wake. Masekondi khumi ndi asanu koyambirira, kenako chala kukokera pakati kusaka pamene ng'oma igwera. Ikapanda kugwa, kudumphira ina. Chimbale cha mphindi makumi asanu ndi ziwiri anachimaliza m'mphindi zisanu ndi imodzi, basi isanafike pasiteji.

Akutsika analemba kuti: "Ndachimvetsera chonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mbola yokhayokha. Dahal watiiwala."

Ndemanga zinabwera ngati mvula.

"Ndimayesa mahedifoni anga afa. Ndabwereka a mchemwali wanga, kupeza zomwezo," analemba wina.

"Azakhali anga ali ndi makina osokera. Nawonso atulutse chimbale?"

"Inu simudziwa luso. Mudzachimvetsa pakapita zaka khumi."

"Zaka khumi ndidikire ndi ndani? Ine ndikufuna kuvina mawa!"

Ndipo wina analemba mawu amene kwathu kuno amapweteka kuposa kutukwana: "Wayimbira a ku Paris."

2. Pangano la pagalimoto ya pitsa

Lachitatu masana kunalibe maphunziro. Atatu aja anakumana pagalimoto yogulitsa pitsa imene imaima kuseri kwa malo oimika magalimoto. Nkhani inali imodzi. Dahal anali atalengeza kuti Loweruka, nthawi ya 3 koloko masana, adzabwera kudzajambula kanema wa nyimbo pabwalo la pakati pa midadada.

Woimba rapu akamajambula kanema kwawo, dera lonse limatsika. Anyamata amabwera ndi njinga zamoto, ana amakwera padenga la siteji ya basi, ngakhale amayi amene amadandaula za phokoso amasuzumira kuti aonekeko. Woimba amaima kutsogolo, anthu ake kumbuyo. Kuchuluka kwa anthu a kumbuyoko ndiko kumauza dziko kuti munthuyo kwawo amamuwerengera.

Idriss anali wamkulu pa atatuwo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Njinga yake yofiira inaoneka kale m'makanema atatu a Dahal, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

"Aise, ine njinga yanga siituluka," anatero akupinda pitsa pakati. "Ndiimike tayala m'mwamba pa nyimbo ya makina osokera? Akaitane matelala."

Maïssa anaseka mpaka kutsamwa. Iyeyu ndi Anrifa anakhala pa desiki imodzi kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Asatsike munthu," Idriss anapitiriza. "Aliyense akhale pakhonde pake, angomuyang'ana. Aime yekha ngati mtengo wa magetsi. Anri, lemba. Iwe ndi amene amakumvera."

"Koma si zowawa zimenezo?" anafunsa Anrifa.

"Zowawa? Nanga ife satipweteka? Iweyo si unanena wekha kuti watiiwala? Kapena unachimvetsera ndi makutu obwereka?"

"Ndinachimvetsera," anayankha msanga.

"Ndiye ukudikira chiyani?" anatero Maïssa, akumugunda ndi chigongono. "Lemba, mwana iwe, pitsa ikuzizira."

Anrifa analemba: "Loweruka tonse pamakonde. Wotsika pabwalo si wa ku Figuiers." Asanamalize kupukuta mafuta m'zala, anthu zikwi zitatu anali atavomereza.

3. Amalume pamasitepe

Madzulo a tsiku lomwelo chikepe cha mu mdadada wachiwiri chinali chitafanso. Anrifa anakwera masitepe, ndipo pansanjika yachisanu anapeza amalume ake, a Attoumani, atagwada pachitseko cha chikepecho ndi bokosi la zida. Ntchito yawo inali yomweyo, kukonza zikepe. Koma akuluakulu a ku Figuiers amawakumbukira pa china: ali anyamata ndiwo ankazungulitsa mbale za nyimbo pa madansi onse a dera lino.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera, kaya iwe. Khala apo."

Anrifa anakhala pasitepe.

"Nyimbo yachisanu ndi chimodzi ija," anatero amalume osacheuka, "pamene amakhala chete paja. Asanakhale chete amanena kuti chiyani?"

Anrifa anayamba kuseweretsa zipi ya jekete lake.

"Ndimadziwa. Inenso ndili m'gulu la zikwi makumi anayi lija, usamayese ndi ana okhaokha. Ndinaona nthawi imene unalemba. Mayi ako akuti unatuluka m'nyumba mochedwa, mahedifoni akadali m'chikwama. Chimbale cha pafupifupi ola limodzi unachimvera kuti? Wadya mfulumira, mwana wa mlongo wanga. Osathamangira kumeza kutafuna kukadakoma."

"Koma amalume, aliyense akunena kuti n'choipa."

Apo ndi pamene anaika sipanala pansi n'kutembenuka.

"Aliyense! Tamvera ndikuuze za aliyense. Ndili ndi zaka makumi awiri, pa holo ya achinyamata kumusi kuja panali mpikisano wa rapu. Ine ndinali pa makina. Kunabwera mtsikana wina, dzina lake Ouarda. Anandipatsa kaseti yake, ndinaika. Munalibe ng'oma, munali kachoimbira ka zingwe ka kwa makolo ake basi. Iye anayamba kuyankhula pang'onopang'ono, osathamanga ngati anzake. Sanamalize ndi mizere inayi yomwe. Mnzanga wina anakuwiza, wachiwiri anatsatira, kenako holo yonse inamufulatira. Umo ndi mmene tinkachitira nthawi imeneyo, kumupatsa munthu misana. Ndipo ine, amene ndinali ndi mphamvu pa makina, ndinazimitsa kaseti. Anthu anandiombera m'manja. Ndinamva kukoma, sindikunamiza.

"Kasetiyo anaisiya momwemo. Ndinaimvera patapita mwezi, ndili ndekha. Mwana iwe, zimene zinali m'menemo anyamata onse a usiku uja kuphatikiza pamodzi sakanazilemba. Koma madzi akatayika sawoleka. Ouarda sanagwirenso maikolofoni. Lero amagwira ntchito m'sitolo yaikulu ya kumsika ija. Ndikamuona pa mzere uwu, ine ndimapita mzere winawo. Bambo wa imvi, wa ana atatu, kuthawa maso a munthu zaka makumi atatu!

"Sindikunena kuti uchikonde chimbalechi. Ine ndachimvera kawiri, ndipo zambiri sizikundilowa. Kudana ndi nyimbo si mlandu. Mlandu ndi kunama kuti wamva usanamve, kenako n'kutenga anthu zikwi n'kuwatsogolera ndi bodzalo. Ife tinali anthu zana limodzi m'holo. Iwe uli ndi holo m'thumba la jekete, ndipo siitsekedwa.

"Lamulo lathu linali ili: mbale imamvedwa katatu. Koyamba utakhala pansi, kachiwiri ukuyenda, kachitatu manja ali pa ntchito. Ukatero, kaya uitukwane, pakamwa ndi pako. Tsopano ndipatse tochi iyo, ukwere. Mayi ako akudikira."

Anrifa anapereka tochi. Manyazi anamugwira kwambiri moti sanatsanzike n'komwe.

4. Katatu

Lachinayi ataweruka kusukulu anakhala pabedi, foni anaiika chafufumimba kuti chala chisayambe zake zija. Mphindi khumi zoyamba zinali zotopetsa zedi. Kawiri konse dzanja linapita lokha kufoni, iye n'kulibweza.

Pa nyimbo yachitatu anazindikira kuti munthu wokwera masitepe uja akuwerenga nsanjika, ndipo pa nsanjika iliyonse akutchula amene ankakhalapo. Uyu anasamuka, uyu ali kundende, uyu anabwerera kwawo ku Comoros, uyu ndi namwino tsopano. Ena mwa mayinawo Anrifa ankawadziwa. Makina osokera aja anali a mayi ake a Dahal, amene anamulera ndi kusoka makatani.

Kenako inafika yachisanu ndi chimodzi. Dahal ankakamba za mnzake wa paubwana, Nassur, amene anamira panyanja ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ankafotokoza mmene ankamuitanira m'mawa uliwonse ali pansi pa windo lake, kuti apitire limodzi kusukulu. Ndiye anaitana: "Nassur! Nassur!" Ndipo anakhala chete, kudikira, mphindi yathunthu.

Tsiku loyamba lija m'basi, chala cha Anrifa chinagwera pakati pa chete ameneyu, iye n'kuyesa foni yazima. Tsopano analira.

Lachisanu m'mawa anasiya basi n'kuyenda wapansi, mahedifoni kumakutu. Madzulo anachimvera kachitatu akuthandiza mayi ake kufinya kokonati wothira m'chigwada. Atamaliza anali ndi yankho lakelake. Nyimbo zinayi anazikonda kwambiri. Zitatu sanazimvetse. Zinayi zotsalazo zinali zoipa ndithu, makamaka yachisanu ndi chitatu, imene inkamveka ngati mapoto akugwa pamasitepe.

Anaimbira Maïssa n'kumuuza zonse, kuyambira za m'basi.

"Ndiye?" anatero Maïssa.

"Ndiye ndinanama. Ndikufuna ndilembe zoona."

"Wapenga iwe? Tonse timamvera choncho, ndani ali ndi ola lathunthu? Ukalemba zimenezo anthu atiseka tonse atatu. Anena kuti tsamba lathu ndi la ana ongobwebweta."

"Nanga si zoona?"

"Anri, tamvera. Kusukulu anthu amatipatsa moni chifukwa cha tsamba lija. Usaiwale mmene tinkadyera tokha pakona. Ngati wachikonda, chikonde mumtima, palibe akukuletsa. Koma mawa ukhale pakhonde ngati wina aliyense."

"Ndikatsika?"



"Ukatsika, usadzandiyankhulenso. Sindikuseka."

5. Loweruka

Pofika 3 koloko dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo bwalo linali pululu, kupatula amayi awiri okalamba pabenchi. Njinga yamoto panalibe ndi imodzi yomwe. Koma makonde, kuyambira pansi mpaka nsanjika yakhumi ndi chiwiri, anali odzaza ndi anthu, aliyense foni m'manja.

Galimoto yoyera inafika. Munatuluka anthu anayi onyamula makamera, ndipo pambuyo pawo Dahal, atavala malaya akuda wamba. Anayang'ana bwalo, anayang'ana m'mwamba. Wina anaimba mluzu. Wina anakuwa kuti, "Ukajambule ku Paris!" Makonde onse anaseka. Pakhonde la mu mdadada wachitatu, mayi ake a Dahal analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Anrifa anaona zonsezi ali pa windo la kukhitchini. Anatenga foni n'kulemba pa tsamba:

"Lachisanu lija ndinanena kuti ndamvetsera chimbale chonse. Linali bodza. Ndinachimvera mphindi zisanu ndi imodzi. Tsopano ndachimva katatu. Zina n'zabwino, zina n'zoipa, koma sanatiiwale. Amene ndinakuuzani kuti musatsike ndine. Ndikutsika."

Sanadikire ndemanga. Anaika foni m'thumba n'kutuluka.

Kuchokera pakhomo la mdadada wachiwiri kufika pakati pa bwalo ndi mtunda waufupi kwambiri, koma tsiku limenelo miyendo inkalemera. Mluzu unayambira mbali imodzi n'kuzungulira midadada yonse.

"Wagulidwa!"

"Bwerera, Anri, waiwala makina osokera!" Awa anali mawu a Idriss.

Botolo la pulasitiki linagwa pafupi ndi phazi lake. Iye sanayang'ane m'mwamba.

Dahal anamuyang'ana akubwera. Pafupi anali wamfupi kusiyana ndi m'makanema, ndipo maso ake anali otopa.

"Ndiwe ndani, chemwali?"

"Anrifa. Wa tsamba lija."

"Aa. Ndiwe unandikonzera phwandoli?"

"Ndine."

"Ndiye wadzatani? Kudzaona bwino pafupi?"

"Ndadzanena kuti ndinanama. Ndinalemba ndisanamve. Pepani."

Dahal anapukuta thukuta pamphumi ndi mkono.

"Tsopano wamva?"

"Katatu."

"Ndiye?"

"Zinayi n'zabwino kwambiri. Ya Nassur ija inandiliza. Zitatu sindikuzimvetsa. Koma yachisanu ndi chitatu ija, achimwene, ndi mbola. Musakwiye."

Munthu wa kamera anaphulika ndi kuseka. Dahal anamuyang'ana moipidwa, kenako nayenso anaseka pang'ono.

"Uyu wakhala akundiuza zomwezo miyezi itatu," anatero akuloza wa kamerayo. Kenako nkhope inabwerera mwakale. "Pepani wako ndamumva. Koma amayi anga atseka chitseko, waona? Zimenezo pepani sazikonza lero."

"Ndaona."

"Chabwino. Ima kumbuyo kwangaku. Tijambula ndi amene alipo."

Anajambula. Kumbuyo kwa Dahal kunali mtsikana mmodzi, ndi amayi awiri okalamba amene anali atakhala kale pabenchi ndipo anakana kusuntha. Patapita kanthawi kunatsikanso anthu asanu ndi awiri, ena chifukwa anawerenga zimene Anrifa analemba, ena chifukwa chongofuna kuonekera pa kamera. Ambiri anakhalabe pamakonde mpaka anatopa n'kulowa m'nyumba.

Galimoto yoyera itachoka, Anrifa anakhala pabenchi n'kutulutsa foni. Anayesa kulowa pa tsamba. Inakana. Anayesanso, akulemba mawu achinsinsi chilembo chimodzichimodzi. Inakananso. Anali atasinthidwa.

Analitsegula ngati mlendo. Uthenga wake wa masana uja unali utafufutidwa. Pamalo pake panali chithunzi cha iyeyo akuyenda yekha pabwalo, wamng'ono ngati nyerere, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Uyu sitikumudziwa."

Anachikulitsa ndi zala ziwiri. Chinajambulidwa kuchokera m'mwamba, kudzera pa windo. M'mphepete mwake munkaoneka nsonga ya katani yachikasu ndi mphika wa maluwa wong'aluka pakamwa. Pa windo limenelo, la kwa Maïssa, Anrifa anakhalapo masana osawerengeka, akulemba ntchito ya kusukulu ndi kudya mabisiketi. Mphikawo anaung'alula ndi iye mwini, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Maïssa anauza mayi ake kuti wagwetsa ndi mphaka.

Anakweza maso kuyang'ana nsanjika yachisanu ndi chiwiri. Katani yachikasu inali yotseka.

Lolemba m'mawa phunziro loyamba linali la masamu, ndipo desiki ya iye ndi Maïssa inali imodzi.